Dzina la Amayi Kunsi kwa Tsamba

ANankhoma anamwalira Lachiwiri masana atakhala pampando wawo, magalasi ali kumaso. Anawapeza ndi Che Amidu, eni nyumba, telala wa kutsogolo kwathu kuno ku Area 4, amene anabwera kudzakangana nawo monga ankachitira sabata iliyonse. Akuti anayankhula kwa kanthawi ndithu asanazindikire kuti sakuyankhidwa. Ine ndinali kusukulu. Patha masabata asanu tsopano, ndipo ndaganiza zolemba za iwo m'kope langa lino ndisanayambe kuiwala mmene ankayankhulira.

Sanali abale athu. Ankachokera mudzi umodzi ndi amayi anga, kuseri kwa Mitundu, basi. Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba kumayadi ku Area 43, ndipo mabwana awo sankalola ana a antchito kumpandako. Choncho nditasankhidwa kupita ku sekondale ya m'tauni, aNankhoma ananditenga. Tsiku loyamba ndinagwada n'kuwapatsa moni kuti agogo. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti iwo sanabereke munthu aliyense, ndiye sakudziwa kuti udzukulu umenewo ndautola kuti. Kuyambira pamenepo anali azakhali.

Dzina la amayi sindililemba muno. Kwa tsiku limodzi ndi usiku wake, dzina limeneli linali pa intaneti, pamalo pamene abwana awo akanatha kulipeza, ndipo akanalipeza sindikudziwa chimene chikanachitika. Munthu amene analiona koyamba n'kulichotsa anali aNankhoma.

Ntchito yawo anthu ambiri sankaimvetsa. Oyandikana nafe ankangoti amatayipa. Koma kwenikweni timabungwe ting'onoting'ono ndi mipingo ina ankawabweretsera malipoti olembedwa pa pulogalamu yotayipira makalata, iwo n'kuwasandutsa masamba oika pa webusaiti. Tsamba lililonse la pa intaneti lili ndi kumaso ndi kunsi. Kumaso ndi kumene tonse timawerenga. Kunsi kuli zizindikiro zouza kompyuta kuti apa ndi mutu, apa ndime yayamba, apa yatha. Ophunzira amati HTML, koma aNankhoma ankangoti kunsi.

Pulogalamu yotayipirayo ili ndi batani lake loti fayilo isanduke tsamba yokha, munthu asanamalize n'komwe kuyasamula. Batani limenelo ankadana nalo ngati munthu. Ankati limasesa m'nyumba n'kukankhira zinyalala zonse pansi pa mphasa: mitundu ya zilembo, dzina la amene analemba, ndemanga za m'mbali, ngakhale mawu amene mwini wake anafafaniza akuganiza kuti apita. Iwo ankakopera mawu okhaokha mu kapulogalamu kena kopanda zokongoletsa, kosadziwa ngakhale kunenepetsa chilembo, kenako n'kuyamba kumanga ndi manja, ndime ndi ndime. Zizindikiro zimene ankagwiritsa ntchito sizinkakwana makumi awiri. Ankati zoposa pamenepo ndi matama. Akamaliza ankawerenga kunsi konse motsitsa mawu, chala chili pa sikirini, ngati munthu wosankha miyala mu mpunga. Anaphunzira zonsezi atapuma kale ntchito m'boma, kuchokera m'buku lofotokopedwa limene masamba ake oyamba anali atathothoka.

Ankatayipa ndi zala zonse khumi osayang'ana pansi, mwamphamvu ngati akadali pa makina akale, moti zilembo za pa kiyibodi zinafufutika kalekale. Ine ndikakhalapo ndinkasochera. Mkangano wawo ndi Che Amidu unali wa magetsi. Che Amidu akangolumikiza simbi yawo yaikulu yositira, magetsi a nyumba yonse ankathima, kompyuta n'kuzima.

"Che Amidu, mwandipheranso ndime zitatu."

"Ndime zanuzo zimavala chiyani, mayi? Ine pano ndili ndi diresi la ukwati."

"Ukwati umenewo sulimba. Mwamuna wake ndamuona."

"Ndiye bola diresilo liwongoke, chikhalepo chimodzi cholongosoka."

Ankatukwanizana chonchi pakhoma, aliyense ali kwake. Koma pa Idi mbale ya mpunga ndi mbuzi inkafika pakhomo pathu, ndipo makalata onse a Che Amidu opita ku khonsolo ankatayipa ndi aNankhoma, uku akudandaula kuti munthu wamkulu chotere amalemba ngati nkhuku yapalasa.

Pamaliro anthu ananena kuti anali mayi wolimba mtima. Ine ndinakhala nawo zaka zitatu ndipo ndikudziwa kuti anali munthu wamantha. Envelopu iliyonse yokhala ndi dzina ankaing'amba tizidutswa asanaitaye, tizidutswato n'kutigawa m'malo awiri. Fulashi ya kasitomala sankalola kuti igone m'nyumba mwathu. Galimoto yachilendo ikaima pamsewu, zala zawo zinkaima kaye pa kiyibodi mpaka amve kuti yanyamuka. Mawebusaiti aja amene umangoponyamo fayilo n'kukubwezera tsamba loyera kale sankafuna ngakhale kuwamva. Ankafunsa kuti fayiloyo ikalowa mmenemo amailandira ndani, nanga akamaliza amaiika kuti.

Chimene chinawapangitsa kukhala otero anandiuza kamodzi kokha, tili pamzere kuchipatala kudikira kuti awayeze magazi. Ali mtsikana ankagwira ntchito m'chipinda cha otayipa ku maofesi ena a boma, nthawi ya chipani chimodzi. Kalaliki wina wachikulire, bambo wofatsa amene ankawagawira chinangwa chake, anawapempha kuti amutayipire kalata yodandaula za akuluakulu ena, yopanda dzina. Anatayipa pa nthawi ya nkhomaliro, makope awiri, pepala la kaboni lili pakati. Kenako pa pepala la kaboni lomwelo anamutayipiranso kalata yopempha tchuthi, yokhala ndi dzina lake, n'kutaya kaboniyo m'basiketi. Kaboni watsopano amasunga zonse. Ukamukweza kumene kukuchokera kuwala umawerenga. Wina anamutola. Patapita masiku angapo kunabwera galimoto, ndipo bamboyo sanabwererenso pa desiki yake. ANankhoma sanafunsidwe kanthu. Anakhala zaka zambiri akudikira kufunsidwa. Sanandiuze kuti bamboyo anathera kuti, ndipo ndikuganiza kuti sankadziwa. Nesi atawaitana anadzuka n'kundisiyira chikwama, nkhaniyo osaibwerezanso.

Za dzina la amayi zinachitika chaka chatha, nyengo yozizira. Bungwe lina laling'ono lothandiza antchito a m'nyumba, lokhala ndi ofesi ku City Centre, linkasonkhanitsa maumboni a azimayi ogwira ntchito kumayadi. Amayi anavomera kuyankhula atalonjezedwa kuti dzina lawo lisinthidwa. Anafotokoza zimene anaona ndi maso awo: kuti abwana anatsekera mlonda m'khola la agalu tsiku lonse pomuganizira kuti waba batire la galimoto, kuti madamu amasunga ziphaso za unzika za antchito onse m'chipinda chawo chogona, ndiponso kuti abwana akamafunsa wantchito mlandu amayamba aika mfuti patebulo. Panyumbapo panadutsa antchito ambiri, ena mwezi umodzi wokha, choncho popanda dzina palibe amene akanadziwa kuti wanena ndani.

Woyang'anira lipotilo anali Mayi Lungu, mayi wachangu, wa galimoto yoyera, amene nthawi zambiri ankabweretsa ntchito kwa aNankhoma. Anabwera Lachinayi madzulo ndi fulashi, akufuna tsamba Lachisanu m'mawa chifukwa kunkabwera alendo othandiza bungwelo. ANankhoma anatsegula fayiloyo, n'kuona kutalika kwake, n'kuti Lachiwiri.

"Amayi, pali batani lochita zimenezi pa mphindi imodzi."

"Lilipo. Palinso njira yachidule yodutsa kumanda."

"Alendo akufika mawa."

"Alendo adya zimene zapsa."

Mayi Lungu anazula fulashi yawo n'kutuluka. Tinamva chitseko cha galimoto chikumenyedwa.

Loweruka lililonse m'mawa aNankhoma ankayendera mawebusaiti a makasitomala awo n'kumasuzumira kunsi, ngakhale masamba amene sanakonze iwo. Palibe ankawatuma. Loweruka limenelo ndinali panja ndikuchapa yunifolomu pamene ndinamva kiyibodi yasiya kulira. Kenako anandiitana motsitsa kwambiri.

"Tadala, pukuta m'manja ubwere."

Anayamba andionetsa kumaso kwa tsamba. Lipoti lija linali litaikidwa kale, lokongola, chithunzi cha tsache pamwamba. Ndime ina inkanena za mayi wina amene tamutcha Agnesi. Kenako anatsegula kunsi. Kunali mizere yambirimbiri yosamveka, yopiringizana, ndipo chala chawo chinatsika pang'onopang'ono mpaka chinaima. Panali Agnesi. Pambali pake penipeni, pakati pa zizindikiro zoti mawu awa anafafanizidwa, panali dzina la amayi anga lonse, loyamba ndi la bambo awo. Chala chinatsikanso mpaka kumapeto kwa tsamba, kumene kunali ndemanga imene Mayi Lungu analembera mnzawo wa mu ofesi, yotchula nambala ya nyumba ku Area 43. Azimayi onse a m'lipotimo anali choncho, aliyense dzina labodza kumaso, lenileni kunsi.

Mayi Lungu anasinthadi mayina. Koma anawasintha pulogalamu ili pa njira yosunga zosintha zonse, kuti akuluakulu awo aone zimene akonza. Pa sikirini yawo zakalezo sizinkaoneka. Atachoka kwathu anakadina batani lija, ndipo linanyamula zatsopano ndi zakale zomwe, n'kubisa zakalezo kunsi, kumene aliyense wodziwa podina akanatha kuziwerenga.

Ndinaimbira amayi. Anayankha monong'ona, ali kuseri koyanika zovala.

"Madamu akuwerenga chinthu chomwecho pa foni chidzukireni. Madamu anzawo a kuno atumizirana pa gulu lawo la pa foni. Andifunsa ngati ndikumudziwa Agnesi."

"Mwati chiyani?"

"Ndati Agnesi ndi ambiri, madamu."

Ndinawauza zimene tinaona. Iwo anati mwana wamkulu wa panyumbapo, amene amaphunzira za makompyuta kunja, anabwera ku tchuthi ndipo ali pakhonde ndi laputopu yake. ANankhoma anandilanda foni.

"Pitiriza kuyanika. Usalire, usathawe. Ukathawa lero wadziulula wekha. Ukamva kuti akukuitana onse awiri pamodzi, tuluka pageti ngati ukukataya zinyalala, usabwerere."

Anandibwezera foni, ndinadula ndine.

Vuto linali loti aNankhoma analibe mawu achinsinsi olowera pa webusaitiyo. Iwo ankangopereka tsamba loyera pa fulashi, woika anali Mayi Lungu. Tinawaimbira kasanu, foni inkangolira. Ofesi Loweruka imakhala yotseka. ANankhoma anagogoda pakhoma.

"Che Amidu, mayi wa galimoto yoyera uja munamusokera chiyani sabata yatha?"

"Mwayamba liti kufunsa za makasitomala anga?"

"Lero. Yankhani."

Che Amidu anabwera pakhomo tepi ili m'khosi, ndipo ataona nkhope yawo sanachitenso nthabwala. Anati anasoka madiresi asanu ndi limodzi a nsalu imodzi, a phwando lolangiza mkwatibwi, ndipo anakawasiya okha kunyumba ina ku Area 10, ya geti lobiriwira, kuseri kwa mpanda wautali wa maluwa ofiira. Phwandolo linali la tsiku lomwelo.

Minibasi ya ku depoti inatenga nthawi kuti idzaze. Kondakitala ankaitanabe anthu, ine ndikuwerenga mipando yotsala, foni ili m'manja, ndikuopa kuti ilira komanso ndikuopa kuti siilira. Ndinkangoona mnyamata uja pakhonde, madamu akumupatsa foni kuti taona izi, iye n'kudina kamodzi. Titatsika ku City Centre aNankhoma anayang'ana msewu wautali wopita ku Area 10, n'kuyang'ana miyendo yawo yotupa, n'kuitana kabaza wa njinga yamoto. Moyo wawo wonse ankati njinga zimenezo ndi mabokosi a maliro a matayala awiri. Anakwera cham'mbali, maso atatsinzina, atagwira jekete la wakabazayo ndi manja onse. Ine ndinakwera ina pambuyo.

Pageti lobiriwira panali magalimoto ambiri ndi nyimbo. Mlonda anatiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Khadi muli nalo, amayi?"

"Ndilibe. Kawauzeni Mayi Lungu kuti kwabwera munthu wa mapepala."

"Pano m'pachisangalalo. Mudikire chithe."

"Achimwene, inunso mumagwira ntchito kumpanda. Mutanena mobisa zimene mumaona muno, dzina lanu n'kupezeka lili pamsewu, mungafune kuti ine ndidikire chisangalalo chithe?"

Mlondayo anayang'ana kunyumba, n'kuyang'ananso ife, n'kutsegula kageti kakang'ono.

Mayi Lungu anatulukira pa kapinga atavala diresi la Che Amidu, mbale ya chakudya ili m'manja, akuseka ndi anzawo. Atationa kuseka kunachepa koma sikunathe.

"Amayi, mpaka kunditsata kuno? Tsamba lili bwinobwino. Alendo aliyamikira kwambiri."

ANankhoma anawakokera pambali, pafupi ndi mpanda, n'kuyandikira kukhutu kwawo. Ndinamva akutchula mayina, limodzi, lachiwiri, lachitatu, kenako nambala ya nyumba.

"Mwawatenga kuti amenewo?"

"Pa tsamba lanu. Kunsi."

"Koma ndinasintha onse. Ndipo palibe amene amawerenga kunsiko."

"Ine ndawerenga, ndi maso anga odwalawa. Uyu ndi mwana wa Agnesi wanuyo. Mayi ake panopa akuyanika zovala za anthu amene mwawalemba, ndipo pakhonde pali mwana wodziwa makompyuta kuposa inu ndi ine."

Mayi Lungu anandiyang'ana. Anaika mbale ija pa kapinga, pansi penipeni, n'kuyamba kufunafuna makiyi m'chikwama, makiyiwo ali kale m'dzanja lawo.

Tsambalo linachotsedwa cha m'ma thu koloko, mu ofesi yopanda anthu, makatani ali otseka. Mayi Lungu anafuna kutibweza kunyumba, koma aNankhoma anakoka mpando. Anati lipotilo likasowa anthu afunsa chifukwa chake, ndipo wofunsa amafufuza. Liyenera kubwerera msanga, lofanana ndi loyamba kumaso. Anawakhazika Mayi Lungu pambali pawo ngati mwana wa sukulu, diresi la phwando lili m'thupi, n'kuwauza kuti afafanize ndemanga iliyonse ndi dzanja lawo, avomereze zosintha zonse, kenako akopere mawu okhaokha mu kapulogalamu kopanda zokongoletsa kaja. Kuchokera pamenepo anayamba kumanga. Ntchito ya masiku anayi anaigwira masana amenewo mpaka Lamulungu masana, kutchalitchi osapita. Sanawakalipire Mayi Lungu ngakhale kamodzi. Ndikuganiza kuti Mayi Lungu akanakonda kukalipiridwa.

Amayi ankapatsidwa Lamulungu masana kuti apume. Anafika atavala nsalu mokhota. Sanakhale pansi.

"Ndiye zatha?"

"Tsamba loipalo lachotsedwa. Latsopano ndi loyera, ndaliwerenga kawiri."

"Ndiye kuti zatha."

"Ngati wina anasunga lakale lija tisanalichotse, sindikudziwa. Intaneti nayonso nthawi zina imasunga yokha. Sindingakuuze kuti zatha."

"Azakhali, simungangonena kuti zatha kuti ine ndigone?"

"Ndikakunamiza lero, tsiku limene ndidzakuuze zoona sudzandikhulupirira."

Amayi anakwiya, ndipo anapita osatsanzika. Koma kuyambira sabata imeneyo aNankhoma anawonjezera ntchito ina pa Loweruka lawo. Ankafufuza dzina la amayi pa intaneti, m'kalembedwe kalikonse kamene munthu angalilembere, pamodzi ndi nambala ya nyumba ija. Lamulungu masana amayi akafika, asanapereke n'komwe moni, ankayang'ana aNankhoma, ndipo aNankhoma ankati palibe. Amayi ankakhala pansi n'kuvula nsapato. Ndi mawu amodzi amenewo ankabwerera ku Area 43 n'kukagwira ntchito masiku ena asanu ndi limodzi, akuthira tiyi pa tebulo lomwe lija la mfuti.

Sindikufuna kulemba ngati anali munthu wosavuta kukhala naye. Patapita sabata ziwiri chichitikireni zimenezi, ndinabwera kusukulu n'kupeza kope langa lili patebulo, osati pansi pa matiresi pamene ndinalisiya. Masamba atatu anali atadulidwa bwinobwino ndi lezala. Anali masamba amene ndinalembamo zonse za Loweruka lija, ndi dzina la amayi, ndi mayina ena awiri amene ndinawamva. Ndinalira, ndinawauza kuti kope la munthu ndi mtima wake, kuti alibe ufulu. Anandiyankha akutayipabe kuti mtima ulibe masamba oti wina atole. Sanapepese. Ndinakhala masiku atatu osawayankhula, iwonso osandinyengerera. Tsiku lachinayi ndinapeza kope latsopano pa pilo, lachikuto cholimba, lopanda mawu alionse. Mpaka lero ndimaona kuti analakwa kuwerenga, ndipo ndimaonanso kuti masambawo sanayenera kukhalapo. Zonse ziwiri zimakhala mwa ine osagwirizana.

Titabwerako ku maliro, mwana wa mchimwene wa aNankhoma anabwera ndi kalole kudzatenga katundu. Ananyamula bedi, tebulo, mpando, buku lofotokopedwa lija, ndi kompyuta. Anati akaigulitsa kwa okonza mafoni ku msika. Ndinamupempha kuti ndiiyatse kaye mphindi zochepa ndione zimene zili mkati.

"Iwe ndiwe ndani pa katundu wa malemu? Unkangosungidwa pano."

Che Amidu anayesa kumuyankhula, koma mnyamatayo anali atakweza kale zonse. Ndinaima pamsewu ndikuona sikirini ikugwedezeka pamwamba pa matiresi mpaka kalole kanakhota.

Lamulungu lotsatira amayi anafunsa ngati fayilo yakale ija, ya mayina enieni, inali m'kompyutamo. Ndinati sindikukhulupirira, chifukwa azakhali sankasunga za eni. Anandifunsa ngati ndinaona ndi maso. Ndinati ayi. Kenako ndinawauza kuti Loweruka ndinafufuza dzina lawo pa foni ya mnzanga, monga momwe azakhali ankachitira, m'kalembedwe kalikonse, ndipo palibe.

Amayi anandigwira dzanja.

"Iwe ukhoza kundinamiza chifukwa umandikonda. Iwo aja sakanandinamiza."

Sanavule nsapato tsiku limenelo. Anabwerera ku Area 43 dzuwa likadali pamwamba, ndipo anandiuza pambuyo pake kuti masiku awiri otsatira mbale iliyonse inkawaterera m'manja, ndipo madamu akangoitana dzina lawo kuchokera m'chipinda ankamva ngati akuliwerenga penapake.

Lachitatu m'mawa anavala madiresi awiri, lina pamwamba pa linzake, anatenga dengu la kumsika, n'kuuza mlonda watsopano kuti akukagula tomato. Anayenda wapansi mpaka kumsewu waukulu osacheuka. Chiphaso chawo anachisiya m'chipinda cha madamu, ndi bulangete, ndi mapoto awo awiri. Nditabwera kusukulu ndinawapeza atakhala pakhonde la Che Amidu, dengu lopanda kanthu lili pamiyendo. Che Amidu anali atanena kale kuti chipindacho sanachilonjeze munthu wina, tikhalemo kaye, zina tidzakamba.

Ntchito alibe panopa. Ayamba kufunsa za kapezedwe ka chiphaso china, ndipo mayi wina wa kutchalitchi akuti ku Area 3 kuli banja lofuna munthu wobwera m'mawa n'kumaweruka madzulo. Ine ndikukhulupirira kuti zitheka. Mantha sanathe onse. Foni yawo anaithimitsa masiku anayi, ndipo nambala ya madamu ikaonekera amaiyang'ana mpaka isiye kulira. Koma dzulo pampopi mayi wa nyumba yachitatu anawafunsa kuti kodi inu ndinu ndani, ndipo ndinamva amayi akutchula dzina lawo lonse, loyamba ndi la bambo awo, mokweza bwinobwino, madzi akuthira m'ndowa.

Chipindachi chikuoneka chachikulu tsopano. Timagona pa mphasa kumbali ya chitseko. Pakona ya kuwindo, pamene panali tebulo, sitinaikepo kanthu, ngakhale kuti ndi malo okhawo amene dzuwa limafika m'mawa. Pakhoma patsala chigamba cha laimu woyera kuposa kwina konse, chachikulu ngati sikirini, ndi msomali umene sindikudziwa kuti ankapachikapo chiyani. Pansi pali timaenje tinayi ta miyendo ya tebulo, ndipo pakati pake simenti inasalala malo awiri oyandikana, pamene zidendene zawo zinkakhuza akamagwira ntchito. Amayi amakolopa chipinda chonse tsiku lililonse, mofulumira, monga anazolowerera kumayadi. Akafika pamalo awiri amenewo dzanja limachedwa.